KUNAMIZA NDI KUNAMIZIRA: UFULU WA MLEMBI M'MASEŴERO ONENA ZA AKATSWIRI A KANEMA

Mlembi wa seŵero akatenga moyo wa munthu amene adakhalapodi nauika pa bwalo la zisudzo, sausiya monga udaliri. Amasuntha zaka, amaphatikiza anthu atatu kukhala munthu mmodzi, ndiponso amaika m'kamwa mwa malemu mau amene iwo sadayankhulepo. Angerezi amati chimenechi ndi dramatic licence, ndiye kuti chilolezo cha mlembi chopinda mbiri kuti seŵero likome. M'Chicheŵa tilibe dzina limodzi la chinthuchi, ndipo m'pepala lino sitiyesa kupeka lina. Chimene tifuna kuonetsa n'chakuti mneni mmodzi wa chiyankhulo chathu, pamodzi ndi nthambi zake ziŵiri, amasiyanitsa bwino zinthu zimene dzina la Chingerezilo limaunjika mulu umodzi. Zitsanzo zathu zazikulu zikukhudza akatswiri aŵiri amene mbiri yawo ya kanema idadzera mu Johannesburg, ndiwo Miriam Makeba ndi Sidney Poitier.

Tsinde la -nam-

Taonani ziganizo izi:

(1) a. Mlembi wanama.
b. Mlembi wanamiza anthu oonerera.
c. Mlembi wanamizira malemu.

Mu (1a) mneni alibe pamtherankhani. Bodza lanenedwa, koma wolakwiridwa sakutchulidwa. Mu (1b) mphatikira -iz- wabweretsa munthu wakumva bodzalo nalikhulupirira. Mu (1c) taonjezera -ir-, ndipo pamtherankhani wasintha: tsopano ndi munthu amene bodza likunena za iye, kaya ali pomwepo kaya ali kumanda. Wonamizidwa amataya choona. Wonamiziridwa amataya mbiri yake. Ameneŵa ndi anthu aŵiri osiyana, ndipo milandu yawo njosiyananso.

Kunama kokha, kwa mu (1a), si mlandu pa bwalo la zisudzo. Agogo akati "Padangotero" ife n'kuvomera kuti "Tili tonse", tapangana kale kuti Kalulu ayankhula ndipo Fisi avala malaya. Palibe wonamizidwa, pakuti mau oyambawo adula malire pakati pa nthano ndi mbiri. Funso loyenera kufunsa seŵero lililonse lonena za munthu weniweni ndi ili: kodi "padangotero" wake ali pati, ndipo ndani amene wasenza katundu wa bodzalo?

Katswiri wa kanema ndi chigoba kale

Akatswiri a kanema amavuta kuposa mafumu ndi andale chifukwa chakuti munthu amene anthu amamudziŵa ndi wopekedwa kale. Norma Jeane adasanduka Marilyn Monroe. Josephine Malatsi adatenga dzina la mnzake wa kusukulu nakhala Dolly Rathebe, amene filimu ya Jim Comes to Jo'burg idamutchukitsa mu 1949. Ndikamacheza ndi Amalaŵi anzanga okhala ku Zandspruit ndimamva chimodzimodzi ndi zimene zimamveka m'nyumba zoonetsera mafilimu kwathu: Sylvester Stallone dzina lake ndi Rambo, ngakhale filimu ikhale ina, ndipo Arnold Schwarzenegger ndi Commando mpaka kale. Woseŵera ndi mpangankhani adaloŵana. Tsono mlembi wa seŵero amabwera ndi lonjezo lakuti achotsa chigobacho kuti tione nkhope yeniyeni, pamene chimene atipatsa ndi chigoba chachiŵiri chosema iye mwini.

Acheŵa adayamba kale kuchita zimenezi, koma mosabisa. Ku Brooklyn Museum ku New York kuli chigoba cha gule wamkulu chosemedwa cha m'ma 1977, cha nkhope ya Elvis Presley, woimba amene adaseŵeranso m'mafilimu 31 namwalira chaka chomwecho. Chilombo chotere chikatuluka pa bwalo chimayenda m'gulu la Simoni ndi Maliya, zilombo zimene zimatengera alendo ndi makhalidwe awo. Palibe munthu amene amachoka pa bwalopo akuganiza kuti waphunzira mbiri ya mwana wa ku Memphis. Ng'oma, fumbi ndi nyimbo za amayi zanena kale kuti pano ndi pa mwambo. Bwalo lenilenilo ndilo "padangotero". Nyumba ya zisudzo ya ku mizinda ilibe mwaŵi umenewu, pakuti imaika tebulo lenileni, foni yeniyeni ndi chaka chenicheni pa chikwangwani, ndipo woonerera amakhulupirira.

King Kong ndi dzina limene lidasoŵa

Makeba adakumana ndi nkhaniyi poyamba ali woseŵera, asadakhale woseŵeredwa. Pa 2 Febuluwale 1959, mu Great Hall ya University of the Witwatersrand, mudatsegulidwa seŵero la nyimbo la King Kong, lolembedwa ndi Harry Bloom, nyimbo zake za Todd Matshikiza, mau a nyimbo a Pat Williams, wotsogolera Leon Gluckman. Lidanena za Ezekiel Dlamini, katswiri wa nkhonya amene mu 1956 adabaya ndi mpeni bwenzi lake Maria Miya. Dlamini adapempha khoti kuti limuphe, koma lidamupatsa zaka 12, ndipo pa 3 Epulo 1957 adamira m'damu la ku ndende ya Leeuwkop, kumpoto kwa Johannesburg. Kuchokera pa imfayo kufika pa usiku wotsegulira padangodutsa miyezi 22.

Dlamini sadali wa kanema, koma seŵeroli likutiphunzitsa kanthu kamene tikafuna m'tsogolomu. Wopha mnzake adasunga dzina lake lotchuka. Wophedwa adataya lake. M'malo mwa Maria Miya olemba adaika Joyce, mfumukazi ya shabini yotchedwa Back of the Moon, mkazi wokongola ndi wa mtima wapaŵiri amene amagwa m'manja mwa chigaŵenga chotchedwa Lucky. Makeba ndiye adaseŵera Joyce, pamene Nathan Mdledle adali King Kong.

Wina anganene kuti posintha dzina olembawo adateteza malemu. Ife tikuona mwina. Popeza mwamunayo adali wodziŵika ndi aliyense, ndipo mkazi amene iye adamupha adali mmodzi yekha, zonse zimene Joyce adachita pa siteji zidagwera Maria Miya. Seŵero lidafuna chifukwa chomveka chakuti ngwazi iphere mkazi oonerera n'kuimverabe chisoni, ndipo chifukwacho lidachipeza m'khalidwe la wophedwayo. Anthu a ku Orlando ndi Sophiatown amene adamuona Dlamini akuthamanga m'misewu, naŵerenga za mlandu wake mu Drum, sakadanamizidwa kwambiri. Adali ndi chokumbukira chawo choyesera seŵerolo. Mlandu wa (1b) udali wochepa pamenepo. Wa (1c) udali waukulu, ndipo udakula pamene seŵerolo lidapita ku London mu 1961, kumene kudalibe munthu wakuti n'kutsutsa. Kumeneko milandu iŵiriyo idakumana. Sitikunena izi pofuna kupeputsa King Kong, imene idatsegulira njira oimba ambiri akuda m'nthaŵi yovuta. Tikungonena kuti mtengo wa kukoma kwake adalipira ndi munthu amene dzina lake silidalembedwe pa pulogalamu.

Arthur Miller adachita chofanana ndi Monroe, amene adali mkazi wake kuyambira 1956 mpaka 1961. Monroe adamwalira mu Ogasiti 1962. Mu Januwale 1964 After the Fall idaonetsedwa ku New York, muli mkazi woimba wotchedwa Maggie amene amadziwononga ndi mankhwala. Miller adakana kuti Maggie ndi Monroe, komabe Barbara Loden adaseŵera mbaliyo atavala wigi ya tsitsi loyera. Apa mwamuna wotsala ndiye adasimba za ukwati wa anthu aŵiri, mnzake atatsekedwa kale pakamwa. Malamulo ochokera ku England, amene maiko athu ambiri adatengera, amati wakufa sangadandaule ku khoti kuti amuipitsira mbiri. Kwathu timati mlandu suola.

Makeba woseŵeredwa

Makeba adatuluka m'dziko lake chifukwa cha kanema. Mu Come Back, Africa, filimu imene Lionel Rogosin adajambula mobisa mu Johannesburg, iye adaimba nyimbo ziŵiri m'shabini kwa mphindi zochepa chabe, ndipo zimenezo zidamufikitsa ku chionetsero cha mafilimu cha ku Venice mu 1959. Mu 1960 atafuna kubwerera ku maliro a amayi ake adapeza kuti boma lathetsa pasipoti yake, ndipo adapondanso kwawo mu 1990. Mu 1992 adaseŵera mayi wa Sarafina m'filimu ya Sarafina! Usiku wa pa 9 Novembala 2008 adagwa atangotha kuimba ku Castel Volturno, m'dziko la Italy, namwalira ali ndi zaka 76.

Usiku umenewo ndiwo maziko a Dreaming Zenzile, seŵero lolembedwa ndi Somi Kakoma, woimba wobadwira ku America kwa makolo a ku Rwanda ndi Uganda, amenenso adaseŵera Makeba. Lidayamba ku Repertory Theatre of St. Louis mu 2021 nilifika ku New York Theatre Workshop mu 2022, wotsogolera ali Lileana Blain-Cruz. Makeba ali pakati pa konsati yake yomaliza, ndipo oseŵera anayi, otchedwa gulu la masangoma, amabwera kudzamuitana kwa makolo, namuyendetsa m'zaka za moyo wake.

Mwa maseŵero onse amene tatchula, ili ndilo lanama kwambiri, ndipo ndilo lalakwa pang'ono. "Padangotero" wake ali m'dzina lomwe: ndi maloto. Palibe woonerera amene angaganize kuti mlembi ali ndi umboni wa zimene zidadutsa m'mutu mwa munthu wokomoka. Ndiponso bodzalo lili ndi mizu m'mbiri yeniyeni, pakuti amayi a Makeba adalidi sangoma, ndipo Zenzile ndi dzina lake lobadwa nalo. Mlembi wasankha dzina la kumudzi, naleka la Mama Africa la pa zikwangwani, kutanthauza kuti akufuna mwana wa mayi uja. Apa zisudzo za ku mzinda zayandikira bwalo la gule.

Chikhalirecho tili ndi chodandaula chimodzi. Chimango cha maloto chimakokera maso m'kati mwa munthu, ndipo malo amene iye adagwera amasanduka khomo chabe lopitira kwa mizimu. Koma Castel Volturno sadali malo wamba. Mu Seputembala chaka chomwecho zigaŵenga za Camorra zidapha kumeneko amuna asanu ndi mmodzi ochokera ku Africa, ndipo konsatiyo idakonzedwa pothandiza mlembi Roberto Saviano amene zigaŵengazo zidamuopseza kuti zimupha. Mayi wokalambayo adapita kukaimba m'tauni ya anthu obwera, ogona ndi mantha. Kwa munthu wokhala ku Zandspruit, kumene mu Okutobala 2001 zisakasa za anthu a ku Zimbabwe zidatenthedwa, ndi amene akukumbukira anthu 62 ophedwa m'dziko muno mu Meyi 2008, mfundo imeneyi ndiyo mutu wa usiku uja. Imfa yoitanidwa ndi makolo njokongola ndipo imatonthoza. Imfa ya pa ntchito, pakati pa alendo oopsezedwa, imafunsa mafunso. Chicheŵa chilibe mneni wa bodza lokomera munthu. Kunamizira kumanena zoipa zokha. Chapafupi ndi kukometsera kwa pa maliro, pamene malemu aliyense amakhala munthu wopanda banga. Kukometsera kotero sikupweteka malemu, koma kukapitirira kumagwera mu (1b).

Poitier m'chipinda chimodzi

Sidney Poitier adabwera ku South Africa mu 1950, ali mnyamata, kudzajambula Cry, the Beloved Country ya Zoltan Korda. Iye adali Mbusa Msimangu, pamene Canada Lee adali Stephen Kumalo. Atabwerera kwawo adapeza nyengo ya kusaka achikomyunizimu itafika povuta. Lee adatsekeredwa njira zonse za ntchito namwalira mu 1952. Patapita zaka zitatu, pamene Robert Alan Aurthur adalembera Poitier seŵero la pa televizioni la A Man Is Ten Feet Tall, kampani ya NBC idafuna kuti iye asaine chikalata cholumbira kukhulupirika kwake ndi kukana anthu amene iye adali kuwalemekeza, Paul Robeson ndi Canada Lee.

Retrograde ya Ryan Calais Cameron, imene idayamba ku Kiln Theatre ku London mu 2023 nipita ku Apollo Theatre mu 2025, Ivanno Jeremiah akuseŵera Poitier, yatenga nkhaniyi niitsekera mu ofesi imodzi. Muli anthu atatu: Sidney, Bobby mlembi uja, ndi loya wotchedwa Mr Parks. Mphindi za pa siteji zikuyenda pamodzi ndi mphindi za pa wotchi ya woonerera. Palibe maloto, palibe mizimu, palibe wosimba. Ndiye kuti palibenso "padangotero".

Maziko ake ngoona, ndipo Poitier mwini adasimba za mayeso ameneŵa. Koma mau onse a m'chipindamo ndi a Cameron, ndipo mkangano umene m'moyo udadzera m'makalata, m'mafoni ndi mwa anthu apakati wasanduka nkhondo ya ola limodzi ndi theka. Seŵero lotere limagwira mtima kuposa la maloto, ndipo n'chifukwa chake lili pafupi ndi (1b): woonerera amatuluka ali ndi chikumbukiro cha zinthu zimene sizidachitike m'maonekedwe amenewo, ndipo chikumbukirocho n'chakuthwa kuposa cha m'buku. Tionjezere kuti gwero lenilenilo ndi katswiri wosimba za iye mwini, monga adachitira m'buku lake la This Life la 1980, ndipo munthu wosimba za iye mwini amakhala akuseŵerabe. Kulemera konse kwa seŵeroli kwaikidwa pa dzina la Robeson, lodziŵika kwa anthu a ku London. Kwa ife akum'mwera kuno dzina la Lee likadalemera chimodzimodzi, pakuti ndiye adaona Johannesburg ndi maso ake nabwerera kukanena zimene adaonazo.

Iye kapena iwo

Tsopano tifike pa mfundo imene ikukhudza ife a ziyankhulo mwachindunji. Chingerezi chimalola mlembi kubisa maganizo ake pa munthu amene akumuseŵera, pakuti he, she ndi you sizisonyeza ulemu. Chicheŵa sichilola, monganso Chishona ndi va- wake, ndi Chibemba ndi ba- wake. Yerekezani malangizo a pa siteji aŵa:

(2) a. Makeba wagwa. Oimba akumudzutsa, wina watola mpango wake.
b. Mayi Makeba agwa. Oimba akuwadzutsa, wina watola mpango wawo.

Mu (2a) tili ndi mpangankhani, mnzake wa Kalulu ndi Rambo. Mu (2b) tili ndi malemu, mayi wa anthu. Wolemba mbiri akhoza kuzemba kwa kanthaŵi, chifukwa m'nthaŵi yakale mgwirizanitsi wa mwininkhani ndi a- pa gulu loyamba ndi lachiŵiri lomwe: "adaimba" sakuulula kanthu. Koma nthaŵi ya ntchito yongotha kumene imasiyanitsa wa- ndi a-, pamtherankhani amasiyanitsa -mu- ndi -wa-, umwini umasiyanitsa -ake ndi -awo, ndipo anthu akayang'anizana maso ndi maso ayenera kusankha pakati pa iwe ndi inu. Seŵero limakhalira pa kuyang'anizana kumeneko. Oŵerenga atcheru aona kale kuti m'pepala lino ife tomwe takhala tikuti "adamufikitsa" ndi "dzina lake" ponena za Makeba; tamutenga ngati mutu wa phunziro. Anthu aja a ku Zandspruit amati "Jackie Chan ndamuona", koma akafika pa woimbayu ambiri amati "Mayi Makeba ndidawamva pa wailesi".

Munthu womasulira Retrograde m'Chicheŵa angakumane ndi vuto lomwelo pa tsamba loyamba. Loya wachizungu wa mu 1955 akulandira mnyamata wakuda mu ofesi yake: kodi akuti "khalani pansi" kapena "khala pansi"? Akayamba ndi inu n'kutsikira ku iwe pamene chikalata chatuluka, womasulira waonjezera chiwopsezo chimene galamala ya Chingerezi sidachilembe, ngakhale kuti mzimu wa seŵero ukuchifuna. Akayamba ndi iwe, waulula khalidwe la loyayo msanga ndipo nyambo yatha mphamvu. Mulimonse mmene angasankhire, wanena kanthu kena za anthu aŵiri amene sadayankhulepo Chicheŵa. Chilolezo cha mlembi chimayambira m'mphatikira, seŵero lisadafike n'komwe pa kusintha zaka.

Palinso chilolezo china cha chiyankhulo chimene ochiona ndi eni ake okha. Dlamini adali Mzulu wa ku Natal, koma pa siteji adayankhula Chingerezi chothira mau a m'komboni. Amalaŵi adalaŵa mbali ina ya zimenezi mu 2019, pamene Chiwetel Ejiofor adaseŵera bambo wa William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind akuyankhula Chicheŵa chophunzira: dziko lonse lidamva chiyankhulo cha ku Kasungu, ife tidamva mlendo woyesetsa.

Kwathu

Zisudzo za m'Malaŵi sizidazoloŵere kuika anthu enieni pa siteji ndi maina awo. Kuyambira 1968, pamene lamulo loyang'anira mabuku ndi zisangalalo lidakhazikitsidwa, mpaka 1994, kutchula munthu wodziŵika kudali kuputa ndende, ndipo alembi adabisala m'nthano ndi m'mbiri yakalekale, monga adachitira Steve Chimombo ndi nkhani ya Mbona mu The Rainmaker. Luso lathu lidakula m'kuphiphiritsa. Koma tsopano tili ndi akatswiri athuathu amene adatisiya: Du Chisiza Jr. mu 1999, Gertrude Kamkwatira mu 2006, John Nyanga mu 2016 ndi Eric Mabedi mu 2021. Tsiku lina wina adzalemba seŵero la mmodzi wa iwo.

Titenge Nyanga ndi Mabedi. Dziko lonse lidawadziŵa kuti Izeki ndi Jakobo, ndipo Izeki ndi iye: mwana wamng'ono amati "Izeki wabwera" popanda womudzudzula. A Nyanga ndi iwo. Mlembi amene adzafune kuonetsa aŵiriŵa kuseri kwa katani, akukangana za ndalama za pa khomo kapena za nthabwala imene yalephera, adzayenera kusankha pa mzere uliwonse ngati woyankhulayo ndi chigoba kapena mwini chigoba, ndipo sadzakhala ndi nyanja pakati pa iye ndi mboni monga adaliri nayo a King Kong ku London. M'mipando ya kutsogolo ku Blantyre mudzakhala anthu amene adanyamula nawo bokosi.